Mwala Kapena Fataki: Mmene Moto Umafikira Wonga m'Mfuti ya Gogodera

 Lero tikamba za mfuti ya gogodera, ija ya makolo imene amathira wonga ndi chipolopolo kukamwa kwake ndi kuzitsindira pansi ndi ndodo yachitsulo. Ambiri a ife timayesa kuti mfuti zonse za gogodera ndi zofanana, chikhalirecho zimene zinafika kuno kwathu zinali za mitundu iwiri ikuluikulu. Mtundu woyamba umayatsa wonga ndi mwala wogunda pa chitsulo, ndipo Angerezi amautcha flintlock. Mtundu wachiwiri umayatsa wonga ndi kachipewa kakang'ono kamkuwa kamene amalonda a kugombe ankakatcha fataki m'Chiswahili, ndipo dzina limeneli ndi limene tidzaligwiritsa ntchito m'nkhani yathu.

Chimene tifuna kulongosola ndi chakuti mfuti imodzi yomweyo ikhoza kusinthidwa kuchoka ku mwala kunka ku fataki, ndiponso ikhoza kubwezedwa ku mwala. Maboma akuluakulu anachita zimenezi ndi mfuti zosawerengeka, ndipo amisiri ena akuchitabe mpaka lero. Tiona mmene ntchitoyi imachitikira, chimene chinawakakamiza kuichita, ndi chimene munthu amapindula ndi kutaya posintha njira ya moto. Tinene poyambirira pomwe kuti m'dziko lathu kukhala ndi mfuti popanda chilolezo cha boma ndi mlandu, ndipo gogodera nayo ndi mfuti. Nkhani ino ndi yotithandiza kumvetsa mbiri ndi kupewa ngozi.

Kabowo ka m'mbali

Mfuti ya gogodera ndi mpaipi wachitsulo wotseguka kukamwa ndi wotsekedwa kutsinde, wogonekedwa pa mtengo wosemedwa bwino kuti munthu autsamiritse paphewa. Mlenje akathira wonga ndi kutsindira chipolopolo pamwamba pake, wongawo umatsekeredwa pansi penipeni, kumene dzanja silingafike. Funso limene linavutitsa amisiri kwa zaka mazana ambiri ndi ili: moto udzalowa bwanji m'menemo pa nthawi yeniyeni imene mwini mfuti akuufuna?

Yankho lawo linali kabowo kakang'ono, kongolowa singano yaikulu, kobooledwa m'mbali mwa mpaipi pafupi ndi tsinde. Pambali pa kabowoko anamangirapo chipangizo cha masipuling'i ndi timano tachitsulo chimene amachitcha loko, ndipo mukachitsegula mkati mwake mufananadi ndi loko wa pachitseko. Ntchito ya loko ndi imodzi yokha, ndiyo kupereka moto pa kabowo pamene chala chakoka kachitsulo ka pansi pa mfuti. Mpaipi, mtengo, ndodo yotsindira, wonga ndi chipolopolo ndi zimodzimodzi m'mitundu yonse iwiri. Kusiyana konse kuli pa loko ndi pa kabowo, malo amene mungathe kuwaphimba ndi chikhatho chimodzi. Ichi ndicho chifukwa chake kusintha kuli kotheka.

Mfuti ya mwala

Loko wa mwala amene anafala pa dziko lonse anakonzedwa ku France cha m'ma 1610, ndipo dzina limene limatchulidwa kawirikawiri pa ntchitoyi ndi la Marin le Bourgeoys, mmisiri wa m'tauni ya Lisieux amene ankatumikira mafumu a dzikolo. Pa loko ameneyu pali chitsulo chokhota chokhala ndi zibwano ziwiri zimene zimaluma mwala wakuthwa kutsogolo ngati kasemasema. Angerezi anachitcha tambala, ndipo chimajomphadi ngati tambala. Afalansa ndi Apwitikizi anachitcha galu, ndipo chimalumadi.

Kutsogolo kwa tambala kuli kambale kakang'ono kogundana ndi kabowo kaja, mmene amathiramo wonga pang'ono wosalala. Kambaleko kali ndi chivundikiro, ndipo pa chivundikirocho paima chitsulo cholimba choyang'anizana ndi mwala. Chala chikakoka, tambala amagwa mwamphamvu, mwala umapala chitsulo choimacho ndi kuchikankhira kutsogolo, kambale kamavundukuka, ndipo mbaliwali zimagwera pa wonga. Wongawo umayaka, moto umadutsa pa kabowo, mfuti n'kulira. Anthu ambiri amaganiza kuti motowo umatuluka m'mwala, koma zimene zimayakazo ndi tizidutswa ta chitsulo timene mwala wapala, timene timatentha mpaka kufiira.

Miyala yabwino kwambiri inkakumbidwa m'nthaka ya choko. Ku England inkasemedwa m'tauni ya Brandon, m'chigawo cha Suffolk, ndipo inali yakuda. Ku France inkachokera m'dera la Meusnes, ndipo inali ya mtundu wa uchi. Mwala umodzi unkaombera ka 20 kapena ka 30 usanabunthe. Mfuti yotereyi inalamulira nkhondo za ku Ulaya kwa zaka pafupifupi 200, ndipo pa nkhondo ya ku Waterloo mu 1815 asilikali a mbali zonse ziwiri ananyamula mfuti za mwala.

Komabe zofooka zake zinali zodziwika kwa aliyense. Wonga wa m'kambale umakhala pafupifupi pamtetete, kotero kuti mvula kapena mame akaufika umakana kuyaka, ndipo mphepo yamphamvu imauluza mbaliwali. Nthawi zina kambale kamayaka bwinobwino koma kabowo n'kukhala kotsekeka ndi mwaye, mfuti n'kukhala chete. Ngakhale zonse zitayenda bwino, pamakhala kamphindi pakati pa kung'anima kwa kambale ndi kutuluka kwa chipolopolo. Kamphindiko ndi kochepa kwambiri, koma kamakwanira kuti wogwira mfuti aphethire ndi kusuntha dzanja, ndi kuti nyama yochenjera ione moto ndi kudumpha.

Mbusa wa mpingo ndi abakha ake

Munthu amene anathetsa vutoli anali mbusa wa mpingo. Dzina lake linali Alexander John Forsyth, ndipo ankatumikira pa mudzi wa Belhelvie, pafupi ndi mzinda wa Aberdeen ku Scotland. Iye ankakonda kusaka abakha ndi mbalame zina za m'madzi, ndipo ankadandaula kuti mbalamezo zikaona kung'anima kwa kambale zimamira chipolopolo chisanafike. Pa nthawiyo akatswiri ankadziwa kale za mankhwala ena amene amaphulika akangomenyedwa, osafuna moto. Mu 1800 Mngerezi wina, Edward Howard, anafalitsa zimene anapeza pa mankhwala otere opangidwa kuchokera ku mercury. Mankhwalawo anali aukali kwambiri kotero kuti akanathiridwa m'malo mwa wonga akanaphulitsa mpaipi. Nzeru ya Forsyth inali yogwiritsa ntchito kadontho kokha, kuti kayatse wonga wanthawi zonse. Anayesa njira yake ku Tower of London, kumene boma linkasunga zida, ndipo mu 1807 analandira chikalata cha boma chomuzindikira kuti ndiye mwini nzeruyo.

Loko wa Forsyth anali wovuta kupanga, ndipo amisiri ena anafunafuna njira yapafupi. Pakati pa 1814 ndi 1822 fataki monga tikumudziwa anatulukira, ndipo anthu angapo a ku England, France ndi America ankalimbirana ulemu wake. Mmodzi wa iwo anali Joshua Shaw, wojambula zithunzi wobadwira ku England, amene analandira chikalata chake ku America mu 1822.

Fataki ndi kachipewa kamkuwa kosaposa njere ya nandolo, ndipo m'kati mwake muli kadontho ka mankhwala aja. Amakaveka pa kansonga kachitsulo kobooka pakati, kamene kabowo kake kamatsikira ku wonga. M'malo mwa tambala woluma mwala pamakhala nyundo, imene nkhope yake ndi yolowa m'kati kuti tizidutswa ta mkuwa tisaulukire m'maso. Nyundo ikagwa, lawi lamphamvu limathamangira m'kansonga molunjika ku wonga. Palibe kambale, palibe chivundikiro, ndipo mvula imasowa polowera.

Mu 1834 akuluakulu a asilikali a ku Britain anayesa mitundu iwiriyi ku Woolwich. Anaombera ka 6,000 ndi mfuti za mwala, ndi ka 6,000 ndi mfuti za fataki. Za mwala zinakana kulira ka 922, pamene za fataki zinakana ka 36 kokha. Ndiye kuti msilikali wa mwala ankagwiritsidwa mwala kamodzi pa kuombera 6 kapena 7 kulikonse, pamene mnzake wa fataki zinkamuchitikira kamodzi pa kuombera 166. Pa nkhondo kusiyana kotere ndi kusiyana kwa moyo ndi imfa.

Njira zitatu zosinthira

Zitadziwika izi, maboma anapezeka pa mphambano. M'nkhokwe zawo munali mfuti za mwala zochuluka zedi, zimene mipaipi ndi mitengo yake inali yabwinobwino. Kuzitaya zonse kukanakhala kumwaza chuma, popeza chofooka chinali loko yekha. Choncho anasankha kuzisintha. Ku Britain mfuti ya fataki ya 1839 inamangidwa ndi zitsulo zimene poyamba zinakonzedwera mfuti za mwala. Pa 30 October 1841 moto unatentha nkhokwe yaikulu ya ku Tower of London ndi kuononga mfuti zikwi zambiri, ndipo izi zinafulumiza boma kutulutsa mfuti yatsopano ya fataki mu 1842. Ku United States nako, kuyambira cha m'ma 1848, mfuti za mwala za mtundu wa 1816 zinasinthidwa mwaunyinji, ndipo zambiri mwa izo zinagwira ntchito pa nkhondo ya pachiweniweni ya 1861 mpaka 1865.

Pa loko ntchito inali yofanana kulikonse. Mmisiri ankachotsa chivundikiro ndi chitsulo chake choima pamodzi ndi sipuling'i yake, n'kudula kambale, n'kutseka mabowo a timabauti amene atsala. Tambala ankamuchotsa, n'kuikapo nyundo. Masipuling'i ndi timano ta m'kati ankazisiya monga zinalili. Kumene amisiri ankasiyana ndi pa mpaipi, pa funso la kumene kansonga kadzakhale.

Njira yoyamba, imene amisiri a m'midzi ankaikonda chifukwa cha kuphweka kwake, ndi ya kang'oma. Kabowo kakale ankakakulitsa ndi kukadula mizere ngati ya bauti, ndipo m'menemo ankapoteramo kachitsulo kobulungira ngati ng'oma yaing'ono, kotulukira m'mbali mwa mpaipi pamalo pamene panali kambale. Kansonga ankakaimika pa kang'omako. Moto unkatsika m'kansonga, n'kukhota m'kang'oma, n'kulowa ku wonga pa khomo lakale lomwe lija. Kuipa kwake n'kwakuti kang'omako kamalandira nkhonya ya nyundo nthawi iliyonse mfuti ikalira, ndipo ngati sikanatsamire bwino pa chitsulo cha loko, mizere yake imatha pang'onopang'ono mpaka tsiku lina kamathothoka ndi kuuluka ngati chipolopolo, kulunjika kwa munthu woima kudzanja lamanja.

Njira yachiwiri, imene inatchuka ndi dzina la dziko la Belgium, ndi imene nkhokwe za boma la America zinagwiritsa ntchito kwambiri. Kabowo kakale ankakatseka, n'kuboola bowo latsopano pamwamba pa mpaipi, chakumanja pang'ono, ndi kupoteramo kansonga mwachindunji. Njirayi inali yachangu ndi yotsika mtengo, ndipo moto unkafika ku wonga osakhota. Koma kansongako kankagwira pa khoma la mpaipi lokha, limene silinasulidwe kuti lisenze katundu wotere. Vutoli linaonekera poyera m'zaka za m'ma 1850, pamene anayamba kudula mizere yopotana m'kati mwa mipaipi yakaleyo kuti iziombera chipolopolo chachitali ndi cholemera cha Claude-Étienne Minié wa ku France. Chipolopolo chimenechi chimatseka mpaipi kwambiri, mphamvu ya wonga kutsinde imakula, ndipo kansonga kopotedwa pa khoma lopyapyala kanakhala kosadalirika.

Njira yachitatu inali yodula mtengo koma yolimba koposa zonse. Tsinde lonse la mpaipi ankalidula ndi kulitaya, n'kupoterapo tsinde latsopano losulidwa ndi chotupa chake chachitsulo chochindikala, pamene kansonga kankakhala. Apa moto ndi nkhonya ya nyundo zinkagwera pa chitsulo chimene chinapangidwira ntchito yomweyo.

Mwaona, omvera, kuti m'njira zonse zitatu mmisiri amaboola kapena kudula pamalo pamene mphamvu ya wonga imakhala yaikulu koposa, pamalo pamenenso pamayandikana ndi nkhope ya wogwira mfuti. Kalelo mfuti za boma zikasinthidwa zinkayendera m'manja mwa oyang'anira zisanaperekedwe kwa asilikali. Imene yasinthidwa ndi munthu wongoyerekeza ilibe woitsimikizira wina koma diso ndi chibwano cha mwini wake.

Mmene zinafikira kwathu

Kuyambira m'zaka za m'ma 1860 asilikali a ku Ulaya anasiya mfuti zothira kukamwa, nayamba zolowetsa zipolopolo kutsinde. Mfuti zakale zinagulitsidwa motchipa, ndipo zambiri zinatsikira ku Africa pamodzi ndi zina zotsika mtengo zimene zinkasulidwira malonda amenewa ku Birmingham ndi ku Liège. Kuno kwathu zinkadzera ku Zanzibar, Kilwa ndi Quelimane, n'kukwera kumtunda pamitu ya amtengatenga, kusinthanitsidwa ndi minyanga ya njovu ndi akapolo. Zinali m'manja mwa ankhondo a Makanjira ndi Mponda kummwera kwa nyanja, a Jumbe ku Nkhotakota, a Mlozi ku Karonga kufikira kugonja kwake mu 1895, ndiponso alenje a njovu a Chikunda m'zigwa za Zambezi ndi Luangwa. Zina mwa mfuti zimenezi zinabadwa za mwala, n'kusinthidwa ku Ulaya zisanawoloke nyanja.

Apa ndi pamene mtengo weniweni wa fataki unaonekera. Akulu anati walira mvula walira matope. Mwala ukabuntha, mlenje amausemanso ndi kupitiriza ulendo, ndipo ukatheratu, mwala wina wolimba monga nsangalabwi ukhoza kutulutsa mbaliwali, ngakhale kuti umasweka msanga. Amisiri osula a m'midzi ankatha kukonza sipuling'i yothyoka kapena tambala wopindika. Koma fataki amafuna mkuwa wopyapyala ndi mankhwala a m'fakitale, ndipo palibe chipala cha pamudzi chimene chikanamupanga. Mlenje wa njovu amene mafataki amuthera pakati pa thengo ankatsala ndi chibonga chachitsulo. Mfumu imene ankhondo ake onse anali ndi mfuti za fataki inkadalira wamalonda wa kugombe, ndipo wotseka njira ya kugombe ankatseka pakamwa pa mfuti zake. Pa chifukwa chomwechi alenje a kumadera akutali a ku America anachedwa kusiya mwala, ndipo osema miyala a ku Brandon anapitiriza kutumiza katundu wawo ku Africa mpaka m'kati mwa zaka za m'ma 1900, asilikali a kwawo ataiwala kalekale za mwala.

Maboma a ku Ulaya ankadziwa bwino kusiyana kwa mitundu iwiriyi. Pa 2 July 1890 anasaina pangano ku Brussels lothetsa malonda a akapolo, ndipo m'panganomo anaikamo malamulo a zida. M'chigawo chachikulu cha Africa, kuyambira pakati pa chipululu cha Sahara kufikira pafupi ndi mtsinje wa Limpopo, mfuti zimene zinaloledwa kugulitsidwa poyera zinali za mwala zokha, zopanda mizere m'kati mwa mpaipi, pamodzi ndi wonga wamba wa malonda. Dziko lathu linali m'kati mwa chigawo chimenechi. Cholinga cholembedwa chinali kufooketsa ogwira akapolo, koma chotsatira china chinali chakuti Mwafirika anatsala ndi mfuti yokana kulira pa mvula pa nthawi imene Azungu anali kulanda maiko ndi mfuti zamakono. Kachitsulo kokwana m'chikhatho kanasanduka nkhani ya ulamuliro.

Kubwerera ku mwala

Tsono n'chifukwa ninji munthu angafune kubweza mfuti ya fataki ku mwala? Ochita zimenezi ali m'magulu awiri.

Gulu loyamba ndi la ogulitsa zinthu zakale. M'zaka za m'ma 1900 anthu olemera a ku Ulaya ndi America anayamba kusonkhanitsa mfuti zamakedzana, ndipo popeza zambiri zinali zitasinthidwa, imene inatsala ndi mwala wake inakwera mtengo kwambiri. Amisiri ena anayamba kuchotsa kang'oma, kutseka bowo lake, kuboola kabowo katsopano, ndi kumangirapo kambale ndi tambala wochokera ku mfuti ina. Wochita izi poyera ndi kumuuza wogula sanalakwire munthu, ngakhale kuti osunga mbiri ambiri amadandaula kuti wafufuta gawo la moyo wa mfutiyo. Wobisa ndi wakuba. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Akatswiri amazindikira chinyengo chotere poyang'ana zipsera. Utsi wa fataki umadya chitsulo, kotero kuti mfuti imene inagwirapo ntchito ndi fataki imakhala ndi timaenje tadzimbiri kuzungulira pamene panali kansonga, ndipo mtengo wa pafupi umakhala wowauka. Akaona kabowo kaukhondo pakati pa chitsulo chodyeka, kapena kambale kosiyana mtundu ndi loko yense, amadziwa kuti padutsa dzanja lachiwiri.

Gulu lachiwiri ndi la anthu amakono amene amaombera mfuti za gogodera zopangidwa chatsopano, pa mipikisano kapena posaka mololedwa ndi lamulo. M'chigawo cha Pennsylvania ku America, kuyambira mu 1974, muli nyengo yapadera yosaka agwape imene imayamba Khirisimasi itangopita, ndipo pa nyengoyo mfuti yololedwa ndi ya mwala. Mlenje amene ali ndi ya fataki amafuna kuisintha kuti alowe nawo, ndipo ena amasunga maloko awiri a mfuti imodzi.

Mfuti yosavuta kubweza ndi ya kang'oma, chifukwa kang'omako kamakhala pamalo enieni pamene kabowo ka mfuti ya mwala kayenera kukhala. Mmisiri amachotsa kang'oma ndi kupoterapo kachitsulo kosachita dzimbiri kokhala ndi kabowo kakang'ono pakati, n'kuikapo loko wa mwala. Zinthu zitatu ziyenera kugwirizana. Loko watsopano akwane bwino m'malo osemedwa pa mtengo. Kabowo kakhale pakati pa kambale, molingana ndi milomo yake, pakuti kakatsika kwambiri wonga umakakwirira ndipo moto umachedwa. Chachitatu, kambale kagundane ndi mpaipi osasiya mpata, chifukwa mpata ukakhalapo wonga umasefukira kuseri kwa loko tsiku ndi tsiku, ndipo ukadzayaka umang'amba mtengo ndi kukankha loko. Mfuti ya tsinde losulidwa ndi chotupa chake ndi yovuta kwambiri, ndipo kawirikawiri pamafunika mpaipi wina wathunthu.

Wobwerera ku mwala amalandiranso mavuto onse akale. Mvula imakhalanso mdani wake. Mphamvu ina ya wonga imathawira pa kabowo, ndipo lawi limalavulira kumbali, kotero kuti woima pafupi akhoza kupsa. Palinso nkhani ya wonga. M'zaka za m'ma 1970 kunatuluka wonga wa mtundu watsopano wolowa m'malo mwa wakuda uja, monga wotchedwa Pyrodex. Umenewu umafuna kutentha kwakukulu kuti uyake. Lawi la fataki limautha, koma mbaliwali za mwala zimaulephera kawirikawiri. Mwini mfuti ya mwala ayenera kufunafuna wonga wakuda weniweni.

Mau otsiriza

Taona kuti fataki anapatsa munthu mfuti yolira pa mvula ndi pa mphepo, koma anamumangirira kwa wamalonda. Mwala unamusiya womasuka, koma ndi mfuti yochedwa ndi yokanakana. Ndipo kusintha kulikonse, kupita kapena kubwerera, kumakhudza tsinde la mpaipi, pamene cholakwa chaching'ono chimalipidwa ndi diso, dzanja kapena moyo.

Wakutsina khutu ndi mnansi. M'midzi mwathu mukadali mfuti za makolo zosungidwa kudenga kapena kuseri kwa nkhokwe. Mfuti ya gogodera siionetsa kunja ngati ili ndi wonga m'kati, ndipo zambiri zinapachikidwa zili zodzaza. Wonga wakuda ukakhala pouma sufa, ngakhale patapita zaka 100. Musailoze kwa munthu, musasuzumire kukamwa kwake, musaiike pamoto kapena kupita nayo kwa wowotcherera zitsulo, ndipo ana asaseweretse. Wonga wa m'zipolopolo zamakono ndi wamphamvu kwambiri kuposa umene mipaipi yakaleyi inasulidwira, ndipo ukathiridwamo mpaipi umaphulika m'manja. Mukaipeza mfuti yotere, dziwitsani apolisi, ndipo ngati mbiri yake ikudziwika, auzeninso a nyumba zosungiramo zinthu zakale. Iwo akayang'ana pa loko adzatha kukuuzani ngati inabadwa ya mwala kapena ya fataki, kumene inasulidwa, ndi njira imene iyenera kuti inadzera kuti ifike m'manja mwa agogo anu.